Lusaka ya makondakitala, alonda ndi amayi a nsima: zolemba za ulendo

Lolemba

Alendo athu afika lero pa basi ya ku Chipata, ena mwa iwo atachokera ku Lilongwe kudzera pa malire a Mwami. Kuchoka ku Chipata kufika kuno ndi makilomita pafupifupi 570 pa Great East Road, ndiye munthu amatsika pa siteshoni ya mabasi ya Intercity, mu Dedan Kimathi Road, miyendo itatupa ndipo foni ili pafupi kuzima. Asanaponde pansi bwinobwino, dzanja la wina lagwira kale chikwama.

Anyamata a pa siteshoni ali m'magulu, ndipo gulu lililonse limadya mosiyana. Oitanira, omwe kuno amatchedwa ang'wang'wazi, amalandira kangachepe pa munthu aliyense amene amufikitsa pa zenera la kampani ya basi. Phindu lawo lili pa onyamuka. Akamatsatira wofika kumene, ndiye kuti pali wa taxi amene amagawana naye. A wilibala amalipidwa potengera kulemera kwa katundu ndi mtunda. A taxi a pa siteshoni amatha kudikira maola asanapeze munthu, choncho mtengo woyamba umene amatchula umakwirira ndi nthawi yodikirayo. Mlendo akadziwa zimenezi amasiya kuona aliyense ngati wakuba, komanso amasiya kukhulupirira aliyense womwetulira.

Basi ikaima musathamange. Mmodzi atsike n'kuima pa chitseko cha katundu ali ndi tikiti m'manja, awerenge zikwama zonse zisanachoke pamenepo. Wa wilibala mugwirizane naye asananyamule kanthu: "Achimwene, zikwama zinayi zonsezi mpaka pa geti, zingati pamodzi?" Mawu akuti pamodzi musawaiwale, apo ayi pa geti mudzamva kuti mtengowo unali wa chikwama chimodzi. Yendani pambali pa wilibala, osati kumbuyo, chifukwa anyamatawa amathamanga ndipo khamu limakutsekerani mosachedwa. Si kuti akuthawa nazo. Akufuna kubwerera basi ina isanatsitse anthu.

Khalani ndi ndalama zing'onozing'ono. Ndalama zatsopano zimene Bank of Zambia idatulutsa mu 2025 zili ndi K200 ndi K500 zapepala, ndipo wa wilibala kapena kondakitala alibe chenji cha ndalama zoterozo. Zikasinthitseni pogula madzi m'sitolo yaikulu.

Kenako simu ya foni. Timisasa ta Airtel, MTN ndi Zamtel tili paliponse, ndipo lamulo limafuna kuti simu ilembetsedwe m'dzina la mwini wake, mlendo ndi pasipoti yake. Wina akakupatsani simu yolembetsa kale kuti musataye nthawi, kanani. Tsiku limene mudzalakwitse nambala yachinsinsi ya ndalama za pa foni, kampani idzafuna chiphaso cha munthu amene simukumudziwa, ndalama zanu n'kutsekeredwa m'menemo. Musachoke pa kamsasako musanaimbe foni imodzi ndi kuona kuti intaneti yatseguka.

Taxi zoitanira pa foni, monga Yango ndi Ulendo, zimaonetseratu mtengo. Tulukani kunja kwa mpanda musanaitane, poti kadontho ka pa mapu kakagwera m'kati mwa siteshoni dalaivala amangozungulira. Yerekezani nambala ya galimoto ndi imene ili pa foni. Dalaivala akaimba n'kufunsa kumene mukupita asanabwere, akuwerengera mafuta, gawo limene kampani imadula, ndiponso ndalama ya mwini galimoto ngati ndi yobwereka. Ulendo wopita kumene sakapezako wobwerera naye amaukana, makamaka mvula ikagwa.

Lachiwiri

Lero sitinapite patali. Loji imene tikugona ili ndi anthu atatu amene amagwira tsiku la mlendo: wolandira alendo, mayi wokonza m'zipinda, ndi mlonda.

Kwa wolandira alendo mufunse za magetsi musanapereke ndalama. Chilala cha 2024 chitatsitsa madzi ku damu la Kariba, kumene amapanga magetsi, magetsi ankazima maola ambiri tsiku lililonse, ndipo malo ogona ambiri adagula majenereta ndi sola. Koma kumva kuti "jenereta ilipo" sikukwanira. Imayaka kuyambira nthawi yanji mpaka nthawi yanji? Imakoka chotenthetsera madzi? Nanga pampu ya pa chitsime? Sola yaing'ono imayatsa mababu ndi intaneti basi, ndipo pampu ikapanda kuyenda thanki imauma, madzi a m'bafa n'kutha ngakhale nyali zikuwala. Funsaninso ngati mtengo umene watchulidwa uli kale ndi msonkho wa VAT wa 16 peresenti, 10 peresenti ya antchito, ndi 1.5 peresenti ya zokopa alendo. Zitatuzi zikawonjezedwa tsiku lochoka, mkangano umagwera mtsikana wa pa tebulo amene sadaike mitengoyo.

Yankho lenileni la madzi otentha lili ndi mayi wokonza m'zipinda. Iyeyo ndi amene amadziwa kuti thanki imadzaza usiku, kuti chipinda chakumapeto madzi amafika mofooka, kuti neti ya m'chipinda chakuti ili ndi bowo. Mukampatsa moni wabwino m'mawa woyamba, "Mwauka bwanji amayi?", adzakuuzani yekha nthawi yabwino yosamba ndipo adzakutungirani chidebe madzi asanathe. Zovala zochapitsa muwerengere limodzi, mugwirizanenso ngati mtengo ndi wa chimodzichimodzi kapena wa mulu. Madzi akumwa gulani a m'botolo losatsegula, kapena pemphani owiritsa. Kolera ya kumapeto kwa 2023 ndi kumayambiriro kwa 2024 idafika poti bwalo la National Heroes Stadium lidasanduka chipatala, ndipo nyengo ya mvula ikafika nkhawa imabwereranso.

Mlonda ambiri amangomudutsa. Nthawi zambiri amakhala wa kampani ina ya zachitetezo, amagwira maola 12, ndipo 10 peresenti ija, imene imagawidwa kwa antchito a pa loji, mwina siimufika. Komatu ndi iyeyo amene amalondolera dalaivala wosochera pa foni, popeza manambala a mapuloti mu Lusaka sathandiza kwenikweni ndipo anthu amalondolerana ndi tchalitchi, sukulu kapena malo omwetsera mafuta. Amadziwa wa taxi wodalirika wobwera mbandakucha, amadziwanso njira yachidule imene simuyenera kudutsa wapansi kukada. Muuzeni nthawi imene mubwerere usiku. Ngati muli ndi kangachepe kothokozera, mupatseni m'manja mwake.

Lachitatu

Tsiku la minibasi. Masiteshoni akuluakulu a m'tauni ndi Kulima Tower, City Market, Lumumba ndi Millennium, ndipo iliyonse ili ndi njira zake, choncho funsani musanayambe kuyenda ndi katundu.

Khalidwe lonse la minibasi limachokera pa chinthu chimodzi. Dalaivala ndi kondakitala ayenera kupereka kwa mwini basi ndalama yoikika tsiku lililonse, kuthira mafuta, kulipira pa siteshoni ndi oitanira, ndipo chotsalacho ndiye chawo. N'chifukwa chake basi ya pa siteshoni siinyamuka isanadzaze, n'chifukwa chake pa mpando wa anthu atatu pamakhala anayi, ndipo n'chifukwa chake dalaivala amaima pakati pa msewu akaona munthu akuyenda chakutali. Masana anthu akachepa, kondakitala amatha kukutsitsani pakati pa njira n'kukukwezani basi ina kuti iye abwerere kumene kuli anthu. Zikatero musatsike musanaone makondakitala awiriwo atapatsana ndalama yanu, apo ayi mulipira kawiri.

Mtengo funsani musanakwere, ndipo tchulani malo enieni otsikira, poti umasintha ndi mtunda. Umasinthanso ndi mafuta: mu 2022 bungwe la Energy Regulation Board lidayamba kuunika mtengo wa mafuta mwezi ndi mwezi, ndiye mtengo umene wachibale adakuuzani chaka chatha ungokuyambanitsani ndi kondakitala. Funsani mayi amene mwakhala naye pafupi. Chenji chikasowa, kondakitala amapereka ndalama imodzi kwa anthu awiri otsikira pamodzi kuti akagawane okha. Si chipongwe, koma mlendo wosadziwa amangoona mnzake akupita ndi chenji chake.

Kondakitala yemweyo ndi mapu abwino kuposa a pa foni. Mukamuuza pokwera kuti ndinu alendo ndipo simukudziwa potsikira, amakumbukira pakati pa anthu onsewo, amagogoda denga pa malo ake, nthawi zina n'kukulozerani ndi njira. Alendo athu amene anakhala chete poopa kuoneka achilendo ndi amene akanapitirira.

Cairo Road siikwana makilomita awiri kuchokera pa Kabwe Roundabout kufika pa Kafue Roundabout, pafupi ndi Findeco House, ndipo mthunzi wa mitengo ya pakati pa msewu umathandiza. Foni ikhale m'thumba lakutsogolo.

Ku Soweto Market pitani m'mawa, magalimoto a alimi atangotsitsa katundu. Musalowe ndi kamera m'manja. Yambani mwagula. Mayi wa kapenta akaona kuti ndinu wogula amakuphunzitsani zimene simungazipeze m'buku: wa ku Siavonga ndi wamng'ono, wochokera m'nyanja ya Kariba, pamene wa ku Mpulungu ndi wokulirapo, wochokera m'nyanja ya Tanganyika, komwenso mbewu ya wa ku Kariba idatengedwa m'zaka za m'ma 1960. Tengani pang'ono m'manja. Wouma bwino amathyoka, wonyowa amapindika ndipo akafika ku Chipata atachita nkhungu. Mukagwedeza m'dzanja, mchenga umatsalira. Nyemba, mtedza ndi kapenta zimayezedwa ndi meda, chigubu cha malita asanu, ndipo muone ngati pansi pake sipadakankhidwire m'kati. Kunenerera kulipo, koma mayi amene phindu lake ndi lochepa amalolera kuwonjezera mbasela kusiyana ndi kutsitsa mtengo. Chithunzi mupemphe mutagula, ndipo akakana musakakamize.

Lachinayi

Lero tinatsata Independence Avenue. Tinayambira pa Freedom Statue, chosema cha munthu akudula maunyolo chimene chidaimikidwa mu 1974 pokumbukira zaka khumi za ufulu, kenako Lusaka National Museum, imene idatsegulidwa mu 1996. Malo ngati awa mtengo wa nzika ndi wa mlendo umasiyana, choncho tengani chiphaso, lipirani pa zenera, landirani lisiti.

Pa Embassy Park, manda a atsogoleri a dziko, m'pamene kufunika kwa wolondolera alendo kumaonekera poyera. Pagona Levy Mwanawasa amene adamwalira mu 2008, Frederick Chiluba mu 2011, Michael Sata mu 2014, Kenneth Kaunda mu 2021 ndi Rupiah Banda mu 2022. Wolowa yekha amaona nyumba za simenti ndi miyala yosalala, mphindi khumi watuluka. Woyenda ndi wolondolera amamva kuti chiliza cha Mwanawasa chidamangidwa ngati mpando wachifumu, popeza adamwalira ali pa udindo, kuti cha Chiluba chili ngati tchalitchi chifukwa ndi iye adalengeza mu 1991 kuti Zambia ndi dziko lachikhristu, ndipo cha Sata chidatengera kachisi wa Solomo. Wolondolera amayamba m'Chingelezi poganiza kuti ndi zimene mlendo amafuna. Mukamuyankha m'chinenero chathu, nkhani imamasuka, zoloweza pamtima zimatha, ndipo mafunso amayankhidwa motakasuka. Musanajambule funsani kumene kamera ingaloze, chifukwa tsidya la msewu kuli maofesi a boma a Cabinet Office. Chimodzimodzi podutsa ku State House ndi ku misasa ya asilikali: foni pansi.

Chilenje House 394 ndi kanyumba kakang'ono ka m'komboni momwe Kaunda adakhala kuyambira Januwale 1960 mpaka Disembala 1962, nthawi imene chipani cha UNIP chinkalimbana ndi atsamunda. Panja pali Land Rover imene ankayendera. Malowa, monganso Embassy Park, ali m'manja mwa bungwe losamalira malo a mbiri la National Heritage Conservation Commission. Alendo safika ambiri, ndiye mukapeza pa geti palibe munthu musabwerere msanga. Odirani, dikirani pang'ono. Wosamalira malo akabwera musamuthamangitse, popeza zipinda zokhazo mungazione m'kanthawi kochepa, ndipo chimene mwadzera ndi kufotokoza kwake: mipando, ziwiya za kukhitchini, ndi momwe banja lalikulu ndi misonkhano ya ndale zinkakwanira m'nyumba yotere. Pa malo onse a lero, ife tikuona kuti apa ndi pamene mlendo sayenera kudumpha.

Tinamalizira ku Kabwata Cultural Village mu Burma Road. Nyumba zozungulira za udzu zimene zili pamenepo ndi zotsala za komboni imene atsamunda adamangira antchito achikuda, ndipo mu 1974 boma lidazisandutsa malo a osema ndi oluka. Apa wogulitsa nthawi zambiri ndi wosema yemwe, kapena wachibale wake. Mtengo woyamba umakhala wokwera, umakweranso ngati mwabwera ndi dalaivala amene akuyembekezera gawo lake pa zimene mugule. Muuzeni adikire ku galimoto. Zungulirani kaye nyumba zonse musanagule, chifukwa njovu yofanana mudzaipeza pa malo angapo.

Chosema chakuda bii sikuti nthawi zonse ndi phingo. Ena amapaka polishi wa nsapato pa mtengo wamba. Phingo ndi lolemera kwambiri poyerekeza ndi kukula kwake, ndipo mukapukuta pansi pa chosema ndi kansalu konyowa, polishi amatsalira pa nsalu. Mukwa, umene ena amati mlombwa, ndi wofiirira, wopepukirapo, wabwino pa mbale ndi timipando. Yang'anani ming'alu pansi: mtengo wosemedwa usanaume umang'ambika ukafika kunyumba. Wosema woona mtima mukamufunsa mwaulemu kuti "Abambo, mtengo uwu ndi wanji?" amanena zoona, n'kukutulutsirani chosema chabwino chimene sadachiike poyera. Chilichonse cha mnyanga kapena chikopa cha nyama yakutchire chisiyeni, chidzakugwiritsani pa malire.

Lachisanu

Nkhomaliro tinadyera ku Matebeto, ku Thornpark, kumene malesitilanti a nsima adandandalikana mu msewu umodzi. Fikani pakati pa 12 ndi 13 koloko. Mukachedwa mupeza nkhuku ya kumudzi yatha, masamba atenthetsedwa kawiri. Atsikana oima panja amakuitanirani aliyense kwake, ndipo palibe cholakwa kulowa, kuona miphika, n'kutuluka.

Mtengo wa mbale umatsata ndiwo ya nyama kapena nsomba imene mwasankha, masamba n'kubwera pambali. Vuto limabwera pamene woperekera zakudya wadzaza tebulo ndi timbale ta chibwabwa, kalembula, impwa, therere, ifisashi ndi finkubala, inu n'kumaganiza kuti zonse ndi zaulere. Funsani poyamba kuti zili mu mtengo ndi ziti. Nsomba ndi nyama yootcha lozani chidutswa chenicheni, mumve mtengo wake chisanapite pa moto. Nsima ilipo ya ufa woyera wa breakfast ndi ya roller, imene ili pafupi ndi mgaiwa, ndipo mukafuna ya roller nenani msanga chifukwa si onse amaphika.

Mayi wophika akamva kuti ndinu alendo amakulawitsani chikanda, chimene amapanga ndi timizu ta maluwa akutchire, nsinjiro ndi soda, ndipo amakuuzani yekha ndiwo imene yaphikidwa lero ndi imene ndi yadzulo, malinga mwamufunsa pambali osati pamaso pa makasitomala. Madzi osamba m'manja akhale othiridwa kuchokera m'jagi, osati beseni limodzi la anthu onse.

Madzulo ku masitolo akuluakulu a Arcades, East Park kapena Manda Hill ndi dziko lina: mitengo yolembedwa, makina a khadi, ndipo 10 peresenti ya antchito imaoneka pa lisiti. Ikakhalapo simukakamizidwa kuwonjezera. Kulipira ndi foni kukakanika, musabwereze msanga. Dikirani uthenga, chifukwa netiweki ikachedwa ndalama zimatha kuchoka kawiri. Wa kamsasa ka ndalama akanena kuti alibe fuloti, sakukukanani: ndalama zimene ali nazo m'manja kapena mu foni sizikukwana pa zimene mukufuna, ndipo madzulo ndi mapeto a mwezi ndi pamene zimachitika kwambiri. Tapani m'mawa, kapena gawani pa timisasa tiwiri.

Loweruka

Lusaka National Park ili kum'mwera chakum'mawa kwa mzinda, kudzera mu Leopards Hill Road. Idatsegulidwa mu 2015 ndipo ndi imodzi mwa mapaki aang'ono kwambiri a dziko lino, mahekitala pafupifupi 6,700. Muli mbidzi, akadyansonga, ntchefu ndi nyumbu, mulibe mikango. Ana a njovu amasiye amene ankasungidwa ku Lilayi adasamutsidwira kuno mu 2022, ndipo amaonetsedwa kanthawi kochepa chakumasana pamene osamalira akuwamwetsa mkaka. Akakula amapita nawo ku Kafue National Park kuti akazolowere tchire. Imbani dzulo lake kuti mumve nthawi, chifukwa mukaphonya mwaphonya.

Tsikuli limakoma kapena kuipa chifukwa cha dalaivala. Taxi ya pa foni ikufikitsani pa geti, koma yobwerera simuipeza mosavuta, ndipo m'kati mwa paki mumafunika galimoto. Gwirizanani ndi dalaivala mmodzi za theka la tsiku, ndipo mutchule zonse: kupita, kuzungulira m'kati pa msewu wafumbi, maola odikira, wolipira galimoto ndi dalaivala pa geti, ndi mtengo wa ola lowonjezera. Chimene sichinatchulidwe ndi chimene mudzakanganirane pobwerera. Perekani gawo la mafuta ponyamuka, zotsala pofika. Woyang'anira nyama wa pa geti mumufunse kumene nyama zaoneka m'mawa uno, popeza dalaivala wa m'tauni amayendetsa mothamanga ndipo amadutsa mbidzi zili pa mthunzi osaziona.

Lamulungu

Matikiti obwerera tinagula dzulo madzulo pa zenera la kampani, osati m'manja mwa munthu wa panja. Pa tikiti payenera kulembedwa dzina la kampani, tsiku, nambala ya mpando ndi nthawi. Kuno nthawi imawerengedwa mpaka 24, ndiye 05:00 ndi mbandakucha, 17:00 ndi madzulo.

Funso lofunika kwa wogulitsa matikiti ndi lakuti basi imanyamuka pa nthawi kapena ikadzaza. Oitanira adzakuuzani kuti yatsala pang'ono kunyamuka, injini ikulira, mipando ikuoneka yodzaza. Ena mwa okhala m'mipandomo ndi anyamata a pa siteshoni omwewo, amene amatsika mmodzimmodzi okwera enieni akamalowa. Yang'anani ngati ali ndi zikwama, ndipo suzumirani m'chipinda cha katundu pansi pa basi. Chikakhala chopanda kanthu, basiyo ikadali pano mpaka masana, ndipo wopita ku Lilongwe akafika pa Mwami usiku.

Katundu wamkulu, monga thumba la kapenta kapena bokosi la zosema, amalipiridwa padera. Wolongedza amatchula mtengo poyang'ana ndi maso, ndiye mugwirizane katunduyo asanalowe, mulandire kalisiti, ndipo muime pomwepo mpaka muone pamene waikidwa. Muuzeni kumene mukatsikire. Katundu wa ku Nyimba, Petauke ndi Katete amayenera kukhala chakukhomo, wa ku Chipata ndi Lilongwe m'kati, ndipo zosema zikhale pamwamba pa matumba, osati pansi pake.